Kodi Tigule Makina Oumba Mamasiki?

Awa ndi mau amene anayankhula mmodzi wa mamembala athu, yemwe amagwira ntchito m'boma, pa msonkhano waukulu wa pachaka umene unachitikira pa sukulu yathu kwa Katuli. Tawasindikiza onse potsatira pempho la anzathu amene sanathe kufika.

 

Nkhani imene ndatumidwa kuti ndiifotokoze ndi iyi. Anzathu ena amene ali ku Johannesburg ndi ku Blantyre analembera komiti kalata yopempha kuti ndalama zimene tasonkha chaka chino tigulire sukulu makina otchedwa pulinta ya 3D. Cholinga chao nchakuti ana azipanga okha mamasiki olimba a pulasitiki, oti munthu nkumatsuka ndi kuvalanso, ena nkumapereka ku chipatala chathu chaching'ono, ena nkumagulitsa kuti sukulu izipezako kangachepe. Ena mwa ife anaomba m'manja, ena anati ndalamazo zipite ku madesiki. Thumba lathu ndi limodzi ndipo si lalikulu, tsono tisanakweze manja povota madzulo ano ndi bwino tidziwe chimene tikufuna kugula. Akuluakulu anati safunsa anadya phula.

Poyamba ndinene kuti ganizo la anzathuwa si la chibwana. Tonse tikukumbukira chaka cha 2020. Pa 20 Malichi boma linalengeza kuti dziko liri pa ngozi, pa 23 Malichi sukulu zonse zinatsekedwa, ndipo pa 2 Epulo anthu oyamba anapezeka ndi Covid-19 muno m'Malawi. M'mwezi womwewo wa Epulo madotolo ndi anamwino m'zipatala zina zikuluzikulu ananyanyala ntchito, ndipo chimodzi mwa zimene ankadandaula chinali kusowa kwa zovala zodzitetezera. Maiko olemera ankalimbirana mamasiki ochepa amene analipo, ndipo dziko ngati lathu linali kumapeto kwa mzere. Mu Ogasiti boma linakhazikitsa lamulo loti aliyense azivala masiki pagulu, wolephera alipire K10,000. Mu Januwale 2021 mliri unabweranso mwamphamvu, mpaka nduna ziwiri, a Sidik Mia ndi a Lingson Belekanyama, zinamwalira tsiku limodzi, pa 12 Januwale. Pamene bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linkalengeza pa 5 Meyi 2023 kuti Covid-19 yaleka kukhala ngozi yadzidzidzi ya dziko lonse, Amalawi oposa 2,600 anali atapita.

Kuno ku Mangochi tinalipira mtengo winanso. Makalasi a mayeso anabwerera ku sukulu pa 7 Sepitembala 2020, patapita miyezi yoposa isanu ana ali pakhomo, ndipo manyuzipepala analemba za atsikana oposa 7,000 a m'boma lathu lino amene anatenga pakati m'theka loyamba la chaka chimenecho.  Kotero munthu akamati tikonzekeretu kuti tsiku lina sukulu isadzatsekedwe chifukwa chosowa chophimba pakamwa, ine ndimamumvetsa. Komanso ife tiri m'malire ndi Mozambique, ndipo palibe mudzi kuno umene ulibe mnyamata ku South Africa. Matenda oyenda ndi mpweya safuna pasipoti. Funso langa ndi limodzi lokha: kodi makina amenewa ndiwo yankho?

Ndifotokoze kaye za makinawo, pakuti dzina lakuti pulinta limasokoneza. Pulinta imene timaidziwa m'maofesi imalemba inki pa pepala. Iyi ntchito yake nkuumba. Amayi amene munaonapo woumba mbiya mukudziwa momwe amapotera dongo nkumalizunguliza mzere pamwamba pa mzere mpaka mbiya itaima. Makinawa amachita chimodzimodzi, koma m'malo mwa dongo amagwiritsa ntchito ulusi wa pulasitiki wokulungidwa pa gudumu, wonenepa mamilimita 1.75. Ulusiwo umakokedwa kulowa m'kamlomo kotentha kamene bowo lake nthawi zambiri limakhala mamilimita 0.4, nkusungunuka, ndipo kamlomoko kamayenda uku ndi uku kuyala mzere woonda pa mbale. Mzere umodzi umatalika pafupifupi mamilimita 0.2, kutanthauza kuti chinthu chotalika masentimita asanu chimafuna mizere 250. Chithunzi cha chinthucho chimajambulidwa pa kompyuta, pologalamu ina monga Cura imachidula m'mizere, ndipo malangizowo amaikidwa pa kakhadi konga ka m'foni nkulowetsa m'makina. Pa nthawi youmba intaneti sifunika.

Luso limeneli si la dzulo. Mkulu wina wa ku America, Scott Crump, analitulukira kumapeto kwa zaka za m'ma 1980, ndipo kwa zaka makumi awiri makina otere anali a makampani akuluakulu okha. M'chaka cha 2005 Adrian Bowyer wa pa yunivesite ya Bath ku England anayambitsa ntchito yotchedwa RepRap, yopanga makina otchipa amene mapulani ake aliyense akhoza kuwatenga ulere. Umwini wa luso la Crump utatha mphamvu m'chaka cha 2009, mitengo inatsika kwambiri, mpaka makinawa anafika m'nyumba za anthu ndi m'mashopu ang'onoang'ono.

Mliri utafika, eni makinawa anagwira ntchito yotamandika. Mu Malichi 2020 chipatala cha ku Chiari, pafupi ndi Brescia ku Italy, chinasowa timavalavu ta pa zipangizo zothandiza odwala kupuma, ndipo kampani yaing'ono yotchedwa Isinnova inaumba pafupifupi 100 m'masiku ochepa. Ku Prague, kampani ya Josef Prusa inajambula chotchinga nkhope choonekera, unduna wa zaumoyo wa dziko lao unachiona nkuchivomera, ndipo chithunzicho chinaperekedwa ulere kuti aliyense aumbe. Ku Billings, m'chigawo cha Montana ku America, dotolo wina wa opaleshoni ya ubongo, Dusty Richardson, pamodzi ndi dotolo wa mano Spencer Zaugg ndi mwana wake Colton, anajambula masiki ya pulasitiki yokhala ndi kazenera kutsogolo koikamo kachidutswa ka sefa. Masiki imeneyi, yodziwika kuti Montana Mask, ndiyo mtundu umene anzathu akuunena m'kalata yao.

Kwathu kunonso anthu sanapinde manja. Pa sukulu ya Polytechnic ku Blantyre, imene kuyambira 2021 ikutchedwa MUBAS, pali chipinda cha zopangapanga chimene chinakhazikitsidwa mothandizana ndi yunivesite ya Rice ya ku Texas, ndipo ophunzira ndi aphunzitsi kumeneko anapanga zotchinga nkhope za ogwira ntchito m'chipatala. Anzao a ku MUST ku Thyolo anachitanso chimodzimodzi. Kampani ya iMoSyS ya ku Blantyre, ya a Mayamiko Nkoloma, inagwiritsa ntchito mapulinta a 3D kupanga mamasiki ovala kangapo ndi zotchinga nkhope. Choncho palibe amene anganene kuti Mmalawi sangathe. Zinatheka, ndipo anazichita ndi ana a m'midzi ngati yathu yomweyi.

Tsono tiyeni tiione bwino masikiyo. Iri ndi ziwalo zinayi: chigoba cha pulasitiki chophimba mphuno ndi pakamwa, kafelemu kopanira sefa, sefayo, ndi lasitiki womangira kumutu. Makina amaumba ziwiri zoyambazo basi. Sefa ndi lasitiki nzogula. Apa ndi pamene pagona nkhani, pakuti pulasitiki sasefa mpweya. Chimene chimagwira tizirombo ndi kachidutswa ka sefa kaja. Anzathu a ku Montana ankatenga masiki imodzi ya kuchipatala nkuidula tizidutswa tingapo, kuti masiki imodzi igwire ntchito kangapo. Nzeru yao inali yotalikitsa moyo wa zochepa zimene anali nazo. Ife tikaumba zigoba 200 tiribe sefa yeniyeni, nkuikamo kansalu wamba, ndiye kuti tapanga masiki ya nsalu yolemera, yotentha ndiponso yokwera mtengo.

Sefa yeniyeni, monga ya m'masiki yotchedwa N95, siilukidwa ngati chitenje. Ndi timaulusi tating'onoting'ono ta pulasitiki wa mtundu wa polypropylene, topotana ngati chisa cha mbalame, ndipo timapatsidwa mphamvu ya magetsi osayenda. Ana a Fomu 2 mukukumbukira kuti mukakhuza cholembera pa tsitsi chimanyamula tizidutswa ta pepala. Mphamvu yomweyo ndiyo imakoka tinthu touluka mu mpweya nkutimata pa ulusi. Njira yoikira mphamvuyi inakonzedwa ndi Peter Tsai pa yunivesite ya Tennessee m'zaka za m'ma 1990. Dzina loti N95 likutanthauza kuti pa kuyesa, sefayo imagwira tinthu 95 kapena kuposa pa 100 tiritonse ta msinkhu wa mamaikiloni 0.3, pamene tsitsi limodzi la munthu ndi lonenepa pafupifupi mamaikiloni 70. Sefa yotere siumbika ndi makina athu aja, ndipo mukaichapa ndi sopo kapena kuithira sipiriti mphamvu ija imatha. Chigoba chikhoza kukhala chaka, koma sefa iyenera kusinthidwa kawirikawiri, ndipo iyenera kuchokera kunja.

Vuto lachiwiri ndi la m'mbali. Mpweya uli ngati madzi a m'ngalande, umadutsa pamene pali pofewa. Nkhope zathu nzosiyana, wina mphuno yaitali, wina masaya ophwa, wina ndevu, pamene pulasitiki ndi wouma. Pakatsala kampata pambali pa mphuno, mpweya wambiri umalowera pomwepo osadutsa pa sefa. Komanso kazenera ka sefa nkakang'ono poyerekeza ndi masiki yonse ya kuchipatala, motero kupuma kumalemera, ndipo kupuma kukalemera mpweya umafunitsitsa njira ya m'mbali. Opanga ena amaviika chigoba m'madzi otentha kuti chifewe nkuchikanikiza pa nkhope ya mwini wake, ena amamata mphira wofewa m'mphepete. Zimathandizako ndithu, koma popanda chipangizo choyezera palibe amene angalumbire kuti masikiyo yatseka. Nchifukwa chake bungwe la FDA la ku America linachenjeza m'chaka cha 2020 kuti masiki youmbidwa chotere ikhoza kuoneka ngati yeniyeni koma osateteza mofanana nayo. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Namwino wovala chinthu cholimba chooneka chamakono amayandikira wodwala mopanda mantha, ndipo ngati chinthucho chikudontha ndiye kuti tamuika pa ngozi ndife.

Vuto lachitatu ndi kutsuka. Pulasitiki wosavuta kuumba, wotchedwa PLA, amasungunuka pa madigiri pafupifupi 200, koma amayamba kufewa pa madigiri 60 okha. Simungamuphike m'madzi owira, ndipo simungamuike m'mphika wa chipatala wophera tizirombo umene umafika madigiri 121. Mukamusiya pa dzuwa m'galimoto yotseka mawindo pa Mangochi boma mu Okutobala, mukampeza atapindika. Pali pulasitiki wina wotchedwa PETG amene amapirira mpaka madigiri pafupifupi 80, koma ngwovutirapo kuumba. Kuonjezera apo, pakati pa mizere ija pamatsala timing'alu tosaoneka ndi maso momwe thukuta ndi malovu zimabisala. Chigoba chiyenera kutsukidwa ndi sopo, kupukutidwa ndi sipiriti kapena madzi a kolorini, ndi kuumitsidwa tsiku liri lonse. Makolo muli pano mundiuze ngati mwana wa Fomu 1 angachite zimenezi masiku asanu pa sabata.

Tsopano tichite masamu, poti tonse tinadutsa m'kalasi iri kuseriyi. Chigoba chimodzi chimatenga maola atatu kapena anayi kuti chiumbike. Makina akayenda maola khumi pa tsiku osalakwitsa, atipatsa zigoba zitatu. Tinene kuti tikufuna 300, za ana ndi aphunzitsi. Amenewo ndi masiku 100, kuposa teremu yathunthu. Gudumu limodzi la ulusi limalemera kilogalamu imodzi, ndipo chigoba chikamadya magalamu 50 ndiye kuti gudumu litulutsa 20, tikapanda kuwerengera zoonongeka. Zigoba 300 zifuna magudumu 15. Kunja gudumu limagulidwa pafupifupi madola 20 a ku America, ndipo makina ang'ono abwino ndithu amapezeka pa madola 200 kapena 300. Pamenepo onjezerani mtengo wonyamulira ndi msonkho. Kumbukiraninso kuti kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenaka ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Chiri chonse chogulidwa ndi dola chimatithawa chaka ndi chaka. Makina timagula kamodzi, koma ulusi tidzagula mpaka kalekale. Walira mvula walira matope.

Palinso za magetsi. Makinawa sadya moto wambiri, nthawi zambiri mawati 100 kapena 150 akatenthetsa kale, koma amafuna moto wosadukiza. Magetsi akathima pa ola lachitatu, kawirikawiri chinthucho chimatayika pamodzi ndi ulusi wake. Ndiye kuti pa mtengo wa makina tiyenera kuikapo sola, batire ndi inveta. Ulusi nawo umayamwa chinyezi, ndipo kuno kumtunda m'nyengo ya dzinja uyenera kusungidwa m'chidebe chotseka bwino, apo ayi umathetheka m'kamlomo nkumatulutsa zinthu zosalimba. Kamlomo kaja kamatsekeka, malamba amakhwepa, ndipo payenera kukhala munthu wodziwa kukonza. Tonse taonapo makompyuta a mphatso atafunditsidwa nsalu m'sitolo ya sukulu ina chifukwa amene ankawadziwa anasamutsidwa.

Tsono yerekezani ndi chuma chimene tiri nacho kale. Boma la Mangochi limadziwika ndi matelala. Pa msika uli wonse kuyambira kuno mpaka ku Namwera ndi ku Chiponde mupeza makina osokera pakhonde, ndipo ena mwa anyamata athu ali ku South Africa akudyera luso lomweli. Telala mmodzi wa makina opalasa ndi phazi amasoka mamasiki makumi angapo pa tsiku, wopanda magetsi, wopanda dola. Matelala asanu akhoza kumaliza 300 aja pasanathe sabata. Pa 5 Juni 2020 bungwe la WHO linatulutsa malangizo a kasokedwe ka masiki ya nsalu. Ikhale ya magawo atatu: m'kati nsalu ya thonje yoyamwa chinyezi, pakati nsalu yosalukidwa ya polypropylene, yonga ya tizikwama tina togulira zinthu m'masitolo, ndipo kunja nsalu yosalowa madzi msanga monga poliyesitala. Ikhale yokwana bwino pa mphuno, m'masaya ndi pansi pa chibwano. Ichapidwe tsiku liri lonse ndi sopo m'madzi otentha, kapena ichapidwe m'madzi ozizira kenaka iwiritsidwe kwa mphindi imodzi. Masiki yotere siifika pa N95, ndipo tisanamizane. Ntchito yake yaikulu nkuchepetsa malovu ochoka kwa wovalayo kupita kwa anzake, ndipo m'kalasi momwe onse avala, phindu lake limaoneka.

Mwina wina afunsa kuti, mliri unatha, nanga tikuvutikiranji? Mapapo a anthu a kwa Katuli akali ndi adani. Woyamba ndi chifuwa chachikulu, chimene chimayenda mu mpweya pa timadontho tating'ono kwambiri totha kuyandama m'chipinda kwa maola. Wogwira ntchito m'chipatala amene akusamalira wodwala chifuwachi amafunika N95 yeniyeni yomukwana, wodwalayo avale masiki ya kuchipatala, ndipo mawindo akhale otsegula. Pamenepa chigoba chathu chisayandikire nkomwe. Wachiwiri ndi fumbi: la pa chigayo, la posankha fodya m'mashedi, la popala matabwa, la poswa miyala. Apa masiki ya fumbi yogula kapena ya nsalu yokwana bwino imachepetsako, ndipo apa pokha ndi pamene chigoba chokhala ndi sefa yabwino chingayesedwe popanda kuika moyo wa munthu pachiswe tsiku lomwelo. Wachitatu ndi mankhwala opopera mbeu. Nthunzi ya mankhwala imadutsa pa nsalu ndi pa N95 yomwe, ndipo imafuna masiki yapadera yokhala ndi makala m'kati. Ndiponso tisaiwale kuti kolera imene inasautsa boma lathu mu 2022 ndi 2023 imalowera m'madzi ndi m'chakudya, kotero masiki ya mtundu uli wonse ilibe nayo ntchito. Nthenda iri yonse iri ndi khomo lake.

Mwina mukuganiza kuti ndabwera kudzapha ganizo la anzathu. Iyayi. Pali zinthu zimene makinawa amachita bwino kwambiri. Chotchinga nkhope ndi chimodzi mwa izo. Makina amaumba kalamba ka pamphumi, inu nkubowola pepala la pulasitiki loonekera, longa lija timaika pa chikuto cha malipoti, nkulikoleka pamenepo. Sichifuna sefa, sichifuna kutseka mpweya, chimatsukika mosavuta, ndipo chimateteza maso ndi nkhope ku malovu ndi magazi othovoka. Chokhacho nchakuti chimavalidwa pamodzi ndi masiki, sichilowa m'malo mwake. Makinawa amaumbanso kachingwe kokolekapo lasitiki kumbuyo kwa mutu kuti makutu asachite zilonda, ndi kafelemu kovala pamwamba pa masiki ya kuchipatala kuti igwire bwino m'mbali. Kunja kwa za umoyo, amaumba zipangizo zophunzitsira zimene sukulu yathu siinakhalepo nazo: chifanizo cha mtima, cha diso, mafupa a dzanja, maumbidwe a masamu, tizitsulo ta pulasitiki tothyoka pa maikulosikopu. Koposa zonse, mwana amene waphunzira kuyeza chinthu, kuchijambula pa kompyuta ndi pologalamu yaulere monga FreeCAD, kuchiumba, kuona kuti sichinakwane, nkubwerera kukakonza, waphunzira chiyambi cha uinjiniya. Mwana wotere akakafika ku MUBAS kapena ku MUST sakakhala mlendo.

Chomwecho, a Wapampando, maganizo anga ku msonkhano uno ndi asanu.

Choyamba, ngati cholinga chathu nchakuti ana ndi aphunzitsi akhale ndi chophimba pakamwa tsiku la tsoka, njira yake ndi telala. Tilembe maina a matelala a m'dera lino amene angagwire nafe ntchito, tisunge chitsanzo cha masiki ya magawo atatu pamodzi ndi muyeso wake wa ana ndi wa akulu mu ofesi ya a Mphunzitsi Wamkulu, ndipo tipatule kandalama kosakhudzidwa kogulira nsalu ndi lasitiki. Zimenezi sizifuna ndalama zambiri ndipo tikhoza kuzichita mwezi uno.

Chachiwiri, ngati tikufuna kuthandiza chipatala chathu, tipite tikafunse amene amagwira ntchito kumeneko ndi a ofesi ya zaumoyo ku boma kuti chikusowa nchiyani. Akati N95, tigule N95 yeniyeni kwa ogulitsa ovomerezeka. Chinthu chiri chonse chopangidwa pa sukulu pano chisalowe m'chipatala popanda chilolezo chao, ndipo tisalembepo mau oti chimateteza ku matenda pamene a bungwe loona za miyezo la Malawi Bureau of Standards kapena akatswiri ena sanachiyeze.

Chachitatu, makinawo tigule ngati chipangizo chophunzitsira, ndipo tigule pokhapokha zinthu zitatu zitakonzeka: mphunzitsi mmodzi, makamaka awiri, amene avomera kuphunzira ndi kuwasamala, chipinda chokhoma, chopita mphepo, chokhala ndi moto wa sola wodalirika, ndi lonjezo lolembedwa la ulusi wa zaka ziwiri. Pa mfundo yotsirizayi anzathu a ku Johannesburg akhoza kutithandiza koposa, pakuti kumeneko ulusi umapezeka m'masitolo, ndipo gudumu limodzi silitenga malo m'chikwama cha munthu wobwera ku tchuthi.

Chachinayi, tisanatulutse tambala, titumize mphunzitsi ndi ana awiri, mtsikana ndi mnyamata, ku Blantyre kapena ku Thyolo kuti akaone makinawa akugwira ntchito ndi kufunsa amene akhala nawo zaka zambiri. Komiti ilembe kalata yopempha. Ena mwa ife tinaphunzira kumeneko ndipo tikudziwa khomo logogoda. Mtengo wa basi ndi wochepa poyerekeza ndi mtengo wa makina ogona m'sitolo.

Chachisanu nchokhudza ndalama. Mukukumbukira kuti mu Epulo 2021 kafukufuku wa momwe K6.2 biliyoni ya Covid-19 inayendera anaonetsa kuti ndalama zambiri zinathera ku maalawansi ndi kugula zinthu mosatsata ndondomeko. Ife amene timagwira ntchito m'boma nkhani imeneyi sitimaiiwala. Bungwe lathu ndi laling'ono, koma ndalama zake nzochokera m'thukuta la anthu, ena ogulitsa m'mashopu a eni ake kutali ndi kwao. Chiri chonse chimene tigule chikhale ndi mitengo itatu yoyerekeza, lisiti, ndi lipoti losindikizidwa m'kalata yathu ino. Gudumu liri lonse la ulusi lilembedwe m'buku, ndi zimene latulutsa.

Kwa inu ana athu, mau anga ndi ochepa. Musamve ngati akuluakulu akukumanani chinthu chamakono. Chimene tikufuna nchakuti makinawo akabwera akupezeni muli okonzeka, ndipo akhale zaka khumi akugwira ntchito. Yambani lero ndi zimene muli nazo. Tengani lula muyeze nkhope za anzanu khumi, kuyambira pamwamba pa mphuno mpaka pansi pa chibwano, muone kusiyana kwake. Tengani nsalu zitatu zosiyana muziyang'anitse ku dzuwa, muone imene ikulowetsa kuwala kochepa koma nkumapumika. Valani masiki pamodzi ndi magalasi a maso, mupume, muone ngati achita nthunzi, pakuti akatero ndiye kuti mpweya ukuthawira pamwamba pa mphuno. Lembani zimene mwapeza. Sayansi imayamba chomwecho.

Kwa anzathu amene analemba kalata ija, ndikuti zikomo. Mwatikumbutsa kuti sukulu ya kumalire nayo iyenera kulota zazikulu, ndipo popanda kalata yanu sitikanakhala pansi kukambirana zimenezi. Mutu umodzi susenza denga. Ine ndanena mbali imene ndinatumidwa, chigamulo chiri m'manja mwa msonkhano.